Ulimba sulira pa Facebook

Kwathu ku Chikwawa woimba sadikira holo kapena chikwangwani. Malo ake antchito ndi ukwati, chinkhoswe, maliro ndi bwalo la amfumu. Choncho boma litatseka sukulu pa 23 Marichi 2020 n'kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100, ife ophunzira tinangobwerera kumudzi n'kumadandaula za semesita, koma woimba ulimba ntchito inamuthera pomwepo.

Ndinakhala miyezi imeneyo kwathu, pafupi ndi Nchalo. Moyo sunaime ayi. Akabaza ankapalasabe, nzimbe zinkadulidwa, amayi ankapita kudimba m'mphepete mwa Shire, ndipo pakhomo la sitolo iliyonse panali ndowa ndi sopo. Chimene chinachepa ndi phokoso la usiku. Maukwati ankaimitsidwa, pamaliro ankati tisachulukane. Amene anachezerapo pamaliro a kuno akudziwa kuti nyimbo ndi zimene zimafikitsa anamfedwa m'mawa. Kuika munthu mothamanga, nyimbo ziwiri basi, kumasiya mtima uli m'malere.

Januwale 2021 ndiye anatiliza. Pa 12 tinamva kuti a Sidik Mia, nduna yochokera kuno ku Chigwa cha Shire, atisiya. Mweziwo usanathe, matendawa anatenganso Wambali Mkandawire. Nyimbo za Wambali zilipo. Tinazimvera pa wailesi sabata yonseyo. Ineyo ndinayamba kuganiza za madala amene amasema ulimba, kupachika zikho pansi pake n'kudziwa pamtima nyimbo zachisena ndi zachimang'anja. Mmodzi wa iwo akagona, timvera chiyani?

Oimba a m'tauni anapeza pothawira: ankaimba pa Facebook, ife n'kumaonera bandulo ikalola. Nkhani ya agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu ndi umboni wa zimene kamera ingachite. Anaimba kwa zaka zambirimbiri ali mu umphawi. Patience Namadingo atajambula nawo mu 2020, nyimbo yawo ya Linny Hoo inadzafalikira pa TikTok mpaka kumayiko akutali, iwo atapitirira zaka 90. Luso analinalo kalekale. Chinkasowa ndi munthu woti awayendere.

Apa m'pamene ndimatifunsa ife a ku yunivesite. Foni tili nazo, intaneti timaidziwa, holide timapita kumudzi. Timajambula chiyani? Sindikunena zongoloza foni pagule n'kuika pa WhatsApp kuti anzathu aseke. Ndikunena zopita kukagogoda, kupempha chilolezo, kulemba dzina la woimba ndi mudzi wake, kufunsa tanthauzo la nyimbo, n'kusiyapo kangachepe, chifukwa imeneyo ndi ntchito ngati ina iliyonse.

Kanema sangalowe m'malo mwa bwalo. Ulimba umakoma fumbi likamakwera, anthu akuthira mang'ombe. Koma taona ndi maso kuti bwalo limatha kutsekedwa ndi chilengezo chimodzi cha pa wailesi. Holide ikubwerayi, funsani kwanu kuti watsala ndani woimba zakale, mupite mukamuone.