Kanjira kathu kalowa pa mapu, koma kandivuta ndine

Lero sindikamba za mtengo wa feteleza ayi. Nkhaniyi ndi yaitali pang'ono, amene bandulo yatsala pang'ono kutha mundikhululukire.

Ambiri mwakhala mukundiona masabata atatu apitawa ndikuyenda ndi mwana wa achemwali anga, uja amaphunzira zoyeza malo ku Mzuni, iye foni m'manja, ine ndodo. Ena mwafika pondifunsa kutchalitchi kuti kodi ndayamba kugulitsa malo? Ayi ndithu. Imvani mmene zinayambira.

Mwezi watha kunabwera munthu wa kabaza wa njinga yamoto kudzatenga matimati anga kupita nawo kumsika waukulu. Anazungulira ola lathunthu osandipeza. Akuti pafoni pake msewu unathera kumjigo kuja, kutsogolo kwake kunali poyera ngati sikukhala anthu. Nditamuuza mwanayu, anaseka n'kunena kuti, “Amalume, pa mapu inu kulibe.” Zinandiwawa. Zaka zonsezi ndikulima kuno kumbali ya Masasa, ndikudyetsa anthu a m'tauni kabichi ndi mpiru, eti kulibe!

Ndiye anandionetsa mapu ena otchedwa OpenStreetMap. Anayamba ku Britain mu 2004, ndipo aliyense amene walembetsa akhoza kuikapo msewu, mlatho, sukulu kapena chitsime, popanda kulipira kapena kulipidwa. Chivomezi chitagwedeza dziko la Haiti mu January 2010, anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana anajambula misewu ya kumeneko m'masiku ochepa, opereka chithandizo n'kumayendera mapu omwewo. Ngakhale kuno kwathu, mu 2014 anthu anayenda m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje kulemba misewu ndi nyumba, ndipo madzi osefukira a mu January 2015 atabwera, ntchito ija inali itachitika kale.

Kachitidwe kake n'kotere. Kumwambako kuli setilaiti yojambula zithunzi. Munthu, kaya ali ku Katoto kaya ku London, amayang'ana chithunzicho pa kompyuta n'kumatsatira madenga ndi misewu. Koma setilaiti imangoona malata. Siidziwa kuti chitsime cha kumunsi chimauma mu October. Siidziwa kuti ulalo wa mitengo uja sungapirire njinga yamoto yonyamula matumba awiri. Kanjira kodutsa pansi pa mitengo sikaoneka n'komwe. Pamenepo mpamene pafunika mlimi ngati ine. Foni imalemba paliponse tapondapo, ine ndimatchula dzina la khwawa ndi khalidwe lake.

Mwanayu akuti mphunzitsi wina wa ku America, Michael Goodchild, analemba za zimenezi mu 2007, kuti anthu wamba nawonso ndi maso ndi makutu a ophunzira za malo. Chiyambire pamenepo ofufuza akhala akuyerekeza mapu a anthu wamba ndi a akatswiri a boma. Chimene anapeza sichinandidabwitse: kumene olemba ndi ambiri, mapu amalondola, kumene kuli osauka, pamakhala mipata. Ndinati, mwanawe, zimenezo sizifuna digiri, tikuzidziwa kalekale.

Mantha analipo, ndisaname. Agogo ena anatiimitsa n'kufunsa kuti, “Mukalemba nyumba yangayi, a khonsolo sabwera kudzaigwetsa?” Funso lake ndi loona, chifukwa ambirife tinamanga popanda mapepala. Tinakhala pansi ndi amfumu n'kugwirizana: tilemba misewu, milatho, mijigo ndi makwawa, koma dzina la munthu ayi, malire a munda wa munthu ayi. Komanso mudziwe, mapu amenewa si chikalata cha malo. Sakupatsa umwini, sakulanda umwini. Za umwini zili ndi malamulo ake ndi maofesi ake.

Tsopano apa mpamene nkhani inanditembenukira. Pambali pa mapuwo, mwanayu ali ndi kafukufuku wake wa kusukulu. Amafunsa akuluakulu kuti madzi anafika pati pa mvula ija ya mu April 2016. Mukukumbukira inu, mvula yosakata masiku angapo, nyumba kugwa ku Masasa, ku Chibavi ndi ku Chiputula, anthu ena kutisiya. Aliyense amaloza pamene anaona madzi, iye n'kuika kadontho pafoni. Madontho akachuluka amapanga mzere.

Titafika kudimba kwanga anati, “Amalume, inu madzi munawaona pati?” Ndinakhala chete. Ndimadziwa bwinobwino. Madzi anafika pamtengo wa mapeyala uja, nthochi zanga zonse zinapita. Koma kumunsi kwa mtengo womwewo n'kumene mwana wanga wamwamuna wakumba maziko a nyumba yake, ndipo malowo ndinam'patsa ndine. Njerwa waotcha kale, ndalama zake zonse za ganyu zili pamenepo. Nthawi ya mvula ija iye anali ku Joni, sanaone kanthu. Ine ndinaona, koma ndinadzinamiza kuti mvula yotere sibwera kawiri.

Ndinatsala pang'ono kuloza kumunsi. Ndani akanadziwa? Koma madontho a anzanga awiri oyandikana nawo anali kale pafonipo, onse pamtunda umodzi ndi mtengo wa mapeyala. Madzi sakwera kwa mnzako n'kulumpha kwako. Bodza langa likanaonekera poyera, ndipo likanapanda kuoneka, adzukulu anga ndi amene akanagona m'njira ya madzi. Ndinaloza mtengo.

Madzulo ake ndinamuitana mnyamatayo n'kumuuza zonse. Sanakondwe. Anati, “Bambo, bwanji simunanene ndisanakumbe?” Ndinalibe yankho. Masiku anayi sanabwere kudzadya kwathu. Lachisanu anabwera yekha ndi khasu, tinakwera kumtunda kumene ndimadzala chinangwa, n'kuyeza malo ena. Chinangwa chichepa chaka chino, ndipo kusenza njerwa kukwera nazo phiri si masewera. Mpaka pano sitinayambe kuseka bwinobwino, koma tikusenzera limodzi.

Inu a m'tauni amene mumanditumizira mauthenga kuti ndikupezereni puloti yotchipa ku Mzuzu, imvani. Tauniyi ndi ya zitunda ndi madambo, ndipo mvula yake mukuidziwa. Malo ouma mu September si ouma mu April. Munaona zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu March 2023. Musanatumize ndalama, funsani nkhalamba ya pamalopo kuti madzi amafika pati, ndipo mufunse awiri kapena atatu, chifukwa mwaona nokha kuti mmodzi akhoza kuzengereza ngati ine.

Kanjira kathu tsopano kakuoneka pa mapu aja, kuchokera kumjigo mpaka kuulalo. Loweruka likubwerali tiyenda mbali ya kutsidya, kuyambira 7 koloko m'mawa. Amayi amene mumatunga madzi, bwerani, zitsime mumazidziwa ndinu. Ndipo achinyamata amene muli ndi mphamvu, mukamaliza kumeneko mudzere kwathu. Njerwa zatsala zambiri kumunsi.