Asilikali a ku Kamwala ndi Maloboti a ku London

Pa Khrisimasi ya chaka cha 1994 ndinagulira mwana wanga wachisamba makina a masewera olumikiza ku wailesi yakanema, m'sitolo ina ku Kamwala. Masiku amenewo katundu wakunja anali atasefukira mu Lusaka, pakuti boma limene linalowa mu 1991 linali litatsegula zipata za malonda. Nyumba yathu ku Kabwata inasanduka bwalo la ana, ndipo amake ankachita kuwapirikitsa ikakwana nthawi ya korona. Sewero limene onse ankalikanganira linali Contra: asilikali awiri opanda malaya, akuthamanga ndi mfuti m'nkhalango.

Loweruka lina mwanayo anabwera kuchokera ku katekisimu malaya atang'ambika. Anali atamenyana ndi mnzake wa ku Kabulonga, amene atate ake anamgulira makina a Nintendo ku London. Mnzakeyo anati seweroli akulidziwa, koma dzina lake ndi Probotector, ndipo omenya nkhondo ndi maloboti, osati anthu. "Zanu nzabodza," anatero pamaso pa anzawo.

M'mawa mwake, titatuluka m'Misa, ndinamkweza minibasi kuti akapepese. Tinanyamula kaseti yathu, koma m'makina awo inakana kulowa. Atayatsa yawo, taonani, maloboti awiri m'nkhalango yomweyo! Ndinayang'ana kapeti wa m'nyumbamo, ndinayang'ana bokosi lokongola la ku London, ndipo ndinauza mwana wanga, eni nyumba akumva: "Waona? Chenicheni ndi ichi." Iye sanayankhe. Titafika kwathu anakulunga makina ake m'chitenje nawaika kunsi kwa bedi, ndipo sanaitanenso anzake.

Amene anadzandimasulira nkhaniyi ndi iye mwini, ali kale bambo wa ana atatu ku Chelstone. Kampani ya Nintendo inatulutsa makina ake ku Japan mu 1983 ndi dzina lakuti Famicom. Powatumiza ku America mu 1985 inawasintha maonekedwe niwatcha NES, ndipo awa ndiwo anapitanso ku Ulaya. Kaseti ya ku Japan ili ndi mano 60, pamene ya ku America ndi ku Ulaya ili ndi 72. Makina athu a ku Kamwala anali otsanzira a ku Japan, nchifukwa chake kaseti inakana. Kunena zoona sanali a Nintendo, ndipo pamenepo mnyamata wa ku Kabulonga sananame.

Koma za seweroli wolondola anali mwana wanga. Kampani ya Konami inagulitsa Contra ku Japan ndi ku America mu 1988 muli asilikali aanthu. Ku Ulaya linafika mu 1990 anthuwo atachotsedwa, poopa malamulo a ku Germany oteteza ana ku masewera oonetsa munthu akupha munthu mnzake. Losinthidwa linali la m'bokosi lokongola lija.

Monga kholo, anthu a ku Germany sindiwadzudzula. Mwina akanandifunsa ndikanavomereza. Ku America nkhawa inali ina: kumeneko Nintendo inkachotsa zizindikiro za chipembedzo. M'sewero la Final Fantasy, limene linatuluka ku Japan mu 1987, wogwa pankhondo amapita naye ku tchalitchi. Pofika ku America mu 1990 tchalitchicho chinali chitasanduka chipatala, mtanda palibe. Aliyense aweruze yekha ngati mtanda ndi chinthu chobisira ana. Komabe m'maiko onsewo munali anthu amene anakhala pansi kulingalira zimene ana akumeneko adzaone. Za ana a ku Zambia panalibe wolingalira. Masewera ankatifika m'masutukesi a amalonda ndi a abale ochokera kunja, a ku Japan ndi a ku Ulaya osakanizika, popanda wotiuza kusiyana kwake. Woweruza ndinatsala ine ndekha, ndipo ndinaweruza poona kapeti.

Atatha kufotokoza ndinamfunsa ngati akukumbukira zimene ndinanena tsiku lija.

"Mawuwo ndinaiwala, atate," anatero. "Ndimakumbukira m'minibasi pobwerera. Munakhala pawindo, osandiyang'ana mpaka tinatsika ku Kabwata."

Ananyamuka kukaika madzi a tiyi pamoto, ine ndili chikhalire.