Kaswici Kamene Kanatentha Bokosi Langa

Abale anga a ku migodi, ndikudziwa kuti ambiri a inu mukalandira malipiro mumayendayenda m'masitolo a ku Joni, maso ali pa gitala wa magetsi ndi bokosi lace lokuzira mau, lija timati ampulifaya. Musanaturutse ndalama zanu, tamvani zimene zinandionekera ine.

Bambo anga anacoka ku Dedza ali mnyamata nakagwira nchito pa mgodi wa ku Shamva, ndipo anafera konkuno ali mchona. Ine mgodi unandikana, cifukwa cifuwa canga ncofooka. Tsono khasu langa linakhala gitala. Ndinadza ku Chitungwiza, kumene ana a macona ambiri anapeza cakudya ndi nyimbo za sungura. Kuno nkumene kunamveka Khiama Boys a Nicholas Zakaria, amene anayamba mu 1984, ndi Alick Macheso, mwana wa kwathu wobadwira ku Shamva komweko. Ine sindinafike pa iwo ai. Nchito yanga inali ya m'maukwati ndi m'mabawa a ku Makoni ndi ku Chikwanha.

Mu 1991 ndinagula ampulifaya yakale kwa munthu wina ku Harare. Dzina la kampani yace sindichula. Inali ya mavalavu, timababu tija timayaka mkati, ndipo kulemera kwace kunali ngati thumba la simenti. Mau ace anali oyera ngati madzi a pa kasupe. Koma anaiunjikira tizinthu tina timene kufikira lero ndimafunsa kuti tinali ta yani.

Kutsogolo kunali kopotokola kena kodetsa mau, kuti gitala azilira mosasa ngati galu wa cimfine. Azungu oimba rock amakakonda, ndipo sindiwatsutsa. Koma mu sungura magitala atatu amalankhulana, wotsogolera, wapakati ndi besi, ndipo waya uli wonse uyenera kumveka pa wokha. Mukadetsa mau, zonse zisanduka phala. Ncifukwa cace oimba ambiri a mau oyera anathamangira Roland JC-120, imene inaturuka mu 1975. Kanga kaja ndinakamata ndi tepi, nkukaiwala.

Panalinso maswici awiri oyatsira m'malo mwa imodzi. Yoyamba itenthetsa mavalavu. Yaciwiri, yolembedwa Standby, ndiyo itsegula mau pakapita kamphindi. Amati imasunga moyo wa mavalavu. Kapena nzoona, koma akatswiri ambiri okonza zinthu izi amanena kuti pa bokosi la gitala siifunika kwenikweni. Wailesi ya bambo anga, Saucepan Special ija inafika ku maiko athu mu 1949, inali ya mavalavu nayonso, koma swici inali imodzi basi, ndipo inatumikira mpaka ine nditamera ndevu. Cimene Standby inandicitira ine ndi manyazi okha. Kangati ndinamenya waya woyamba anthu ali cete kudikira, osaturuka kanthu, anyamata nayamba kuimba mluzu?

Zimenezo nzoseketsa cabe. Koopsa kanali kumbuyo, pafupi ndi pogwirira: kaswici kakang'ono kokankha ndi cala, mbali yina 110, mbali yina 220. Ku America magetsi a m'nyumba ndi ocepa mphamvu, pafupi mavoti 110 kapena 120. Koma kuyambira ku Lilongwe, kudzera ku Lusaka ndi Harare mpaka ku Johannesburg, onse ali pakati pa 220 ndi 240. Munthu angayende ulendo wonse wa makolo athu osakakhudza konse. Nanga anakaikiranji poyera, popanda cotsekera, pamene dzanja la wonyamula limagwira?

Linali Loweruka, mwezi wa August 1996, ukwati ku Zengeza. Eni ace anali atandipatsa kale theka la ndalama, ndipo ine ndinali nditalipira nazo sukulu ya mwana wanga wamkazi. Mphwanga ndiye ananyamula bokosi pa wilibala kucokera ku St Mary's. Potsitsa, cala cace cinakankha kaswici kaja osadziwa. Ndinalumikiza magetsi, ndi kuyatsa. Kunamveka kulira kwa pansipansi ngati njuci, kenaka pfungo la cinthu copserera, utsi nutuluka kumbuyo.

Apa ndiyenera kunena zoona, pakuti mlandu wina ngwanga. M'bokosi muli fyuzi, kawaya kofooka kamene nchito yace nkuduka magetsi akacuruka, kuti zina zipulumuke. Yanga inali itapsa miyezi iwiri m'mbuyomo, ndipo m'malo mogula ina ndinakulunga yakufayo ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Ambiri timatero. Tsono pamene magetsi owirikiza kawiri analowa, panalibe mlonda pa khomo, ndipo thiransifoma yonse inapsa.

Atsibweni a mkwati anadza kwa ine cipewa ciri m'manja. Sanakalipe ai, ndipo cimeneco ndico cinandiwawa koposa. Anangoti, "Acimwene, nanga ana awa abvina ciani?" Ukwati unatha ndi kaseti ya wailesi yobwereka kwa anansi. Ndalama ndinabweza pang'onopang'ono, miyezi inai. Mphwanga sanadye nsima masiku awiri, ngakhale ndinamuuza kuti colakwa si cace.

Amene anandiukitsira bokosi ndi mkuru wina wa ku Tete, wokulunga mawaya a mamota kuseri kwa masitolo a ku Makoni. Anamasula thiransifoma, nawerenga mizere ya waya wopsayo umodzi umodzi, nakulunga watsopano ndi manja. Zinamtengera masabata atatu. Atatha anandifunsa kuti, "Kodi muli ndi ulendo wa ku America?" Ndinati iai. Pomwepo anadula mawaya a kaswici kaja, nalumikiza mbali ya 220 yokha, nabwezera kaswiciko pa malo pace kuti pasakhale ciboo colowera mphemvu.

Tsono inu mukalowa m'sitolo, tembenuzani bokosilo muyambe mwaona kumbuyo kwace. Ngati kaswici kotere kalipo, kamangeni ndi tepi tsiku lomwelo, ndipo mugule mafyuzi asanu a nambala yolembedwa pamenepo. Langa lija likali m'nyumba muno ku St Mary's. Adzukulu anga amakankha kaswici kaja uku ndi uku posewera, ndipo ine ndimangowayang'ana.