Kumezanitsa kompyuta ya aphunzitsi

Ku Mchinji kuli aphunzitsi ena opuma pantchito amene anthu a m'dera lawo amawadziwa kwambiri ndi luso lomezanitsa mango. M'chipinda chawo chochezera muli kompyuta ya patebulo yopangidwa cha m'ma 2010, imene anaigula pamene ofesi ina ya ku Lilongwe inkagulitsa katundu wake wakale. Kwa zaka zoposa khumi bokosi lakudalo lakhala nkhokwe yawo. M'menemo muli mawu a okalamba amene anawajambula akuyendayenda panjinga m'midzi ya mbali zonse za malire: nthano, zilape, miyambi, ndi mayina a mitengo ndi mbewu amene achinyamata sawatchulanso. Muli makanema a mwambo wa Kulamba wa ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi chakumapeto kwa Ogasiti. Mulinso mawu a malemu akazi awo, akufotokoza mmene amayi awo ankaumbira mbiya. Zonsezi pamodzi zinali magigabayiti pafupifupi 300.

Mvula yoyamba itangogwa, kompyutayo inayamba kachilendo. Ikayatsidwa, m'kati mwake munkamveka kugogoda kwapansipansi, ngati munthu akuguguda tebulo ndi chikhadabo. Anthu odziwa anawauza kuti hard disk ikayamba kulira chotero ndiye kuti ikutsanzika, ndipo palibe amene anganeneretu tsiku lake. Mdzukulu wawo wamkazi, amene amakonza makompyuta ku Lusaka, anawatumizira hard disk yakunja yolumikiza ndi chingwe cha USB, nawauza kuti akoperemo zonse mwamsanga.

Anayesa katatu, ndipo katatu konse magetsi anazima ntchito isanafike pakati. Vuto linali makomo a kompyutayo. Mapoti ake onse anali a USB 2.0, mtundu umene unakhazikitsidwa mu 2000. Papepala liwiro lake ndi mamegabiti 480 pa sekondi, koma zenizeni zimene zimadutsa sizipitirira kwenikweni mamegabayiti 30 kapena 35 pa sekondi. Paliwiro limenelo magigabayiti 300 amafuna pafupifupi maola atatu, diski ikakhala yolimba. Yodwala imachedwa koposa. M'dzinja la mabingu maola atatu a magetsi osadukiza anali osowa, ndipo kuzima kulikonse kwadzidzidzi kunkaonjezera ngozi pa diski yofooka kaleyo. Aphunzitsi anasiya kuyatsa kompyutayo, naifunditsa chitenje, nadikira.

Alangizi sanasowe. Ena ankati aitaye agule laputopu, kuiwala kuti penshoni ya mphunzitsi sifika kumeneko. Anaiwalanso kuti ngakhale laputopu ikanagulidwa, chimene aphunzitsi ankadandaula sichinali bokosilo ayi koma zimene zinali m'kati mwake. Ambiri mwa okalamba amene anawajambula anatsikira kale kuli chete. Sakanatha kubwerera kwa iwo kuti akawafunsenso.

Mdzukulu uja anafika pa Khirisimasi, atadutsa ku Chipata ndi pachipata cha Mwami. M'chikwama chake munali kabokosi kakang'ono kokwana m'dzanja. Atakatsegula munatuluka khadi lobiriwira, lokhala ndi mapoti awiri abuluu kumapeto kwake.

"Kameneka ndi kamene kapulumutse mawu a agogo anu aakazi?" anafunsa aphunzitsi, akukatembenuza ndi chikayiko.

"Sikuchiritsa diski ayi, agogo," anayankha mtsikanayo. "Kangokulitsa khomo kuti katundu atuluke nyumba isanagwe."

Kenaka anawafotokozera. USB 3.0 inakhazikitsidwa mu 2008, ndipo liwiro lake la papepala ndi magigabiti 5 pa sekondi, kuposa lakale lija pafupifupi kakhumi. Poti yake imazindikirika kawirikawiri ndi kalilime kabuluu, ndipo m'kati muli timano 9 pamene yakale ili ndi 4. Imaperekanso mphamvu yochulukirapo ku chipangizo, mamiliampiya 900 pamene yakale imalekera pa 500. Koma makompyuta ambiri opangidwa 2012 isanafike anatuluka opanda mapoti amenewa, popeza ndi chaka chimenecho pamene Intel inawaika m'ma chipset ake. Mwayi wa kompyuta ya patebulo ndi wakuti opanga anasiyamo mipata yoonjezeramo zimene zidzabwere mtsogolo.

Mtsikanayo anazula chingwe cha magetsi pakhoma, nadina batani loyatsira kwa kanthawi kuti mphamvu yotsalira ithe. Asanakhudze kalikonse m'kati anagwira kaye chitsulo cha bokosilo, chifukwa magetsi amene amaunjikana m'thupi la munthu, ngakhale osamveka n'komwe, angathe kupha kachipangizo kosalimba. Atavundukula chivindikiro, fumbi la zaka zambiri linaoneka litakuta fani ngati ubweya. Analichotsa mofatsa ndi kaburashi kouma.

Pa motherboard panali mipata ya mitundu iwiri. Iwiri inali yoyera ndi yaitali, ndipo aphunzitsi analoza pomwepo poganiza kuti mpata waukulu ndiwo wamphamvu. Mdzukulu anapukusa mutu. Imeneyo inali ya PCI, luso la mu 1992, limene limadutsitsa mamegabayiti 133 pa sekondi, ndipo makadi onse amachita kugawana njira imodzi yomweyo. Mpata woyenera unali kakang'ono kakuda pambali pake, ka PCI Express x1, mtundu umene unayamba mu 2003. Kali ndi njira yakeyake yodutsitsa mamegabayiti 250 pa sekondi m'mbadwo woyamba, ndi 500 m'mbadwo wachiwiri. Ngakhale kakanasowa, khadi lomwelo likanalowa bwinobwino mumpata wautali wa x16 umene nthawi zambiri mumakhala khadi la zithunzi.

Chopinga choyamba chinali cha chitsulo. Bokosi la aphunzitsi ndi la mtundu wopyapyala uja wa m'maofesi, ndipo kachitsulo kogwirizira khadi kumbuyo kanali katali kwambiri moti chivindikiro sichikanatsekeka. M'kabokosi muja munali kachitsulo kena kakafupi. Mtsikanayo anamasula tizomangira tiwiri nasinthanitsa. Analowetsa khadi mowongoka, nalikanikiza ndi zala zazikulu mpaka linakhazikika, nalimanga. Kenaka anafufuza chingwe cha mphamvu cha SATA chimene chinkangolendewera, nachilumikiza kumchira kwa khadilo. Makadi ambiri otere amafuna chingwe chimenechi, ndipo chikaiwalika hard disk yakunja imatha kumangozimazima pakati pa ntchito.

Aphunzitsi anaonerera zonsezi ali chete, kenaka anati, "Ndiye kumezanitsa kumene. Tsinde ndi lakale, mizu ndi yakale, koma nthambi ndi ya mtengo wina."

Chopinga chachiwiri chinaoneka kompyuta itayaka. Mapoti abuluu aja anali zii. Windows 7, imene inatuluka mu 2009, siidziwa yokha USB 3.0, Microsoft inayamba kuikiratu luso limenelo mu Windows 8 ya mu 2012. Panafunika kapulogalamu kotchedwa driver, kogwirizana ndi chip ya pakhadilo, imene inali ya Renesas. Kanali pa CD ya m'kabokosi, koma chowerengera ma CD chinafa kalekale. Mdzukulu anakatsitsa pa foni yake, nakasamutsa kudzera pa poti yakale yomwe ija yochedwa. Atayatsanso kompyuta, kanyali ka hard disk yakunja kanaphethira.

Sanayambe ndi kukopa zonse pakamodzi. Anafunsa agogo ake kuti atchule zimene sangapirire kuzitaya, ndipo aphunzitsi anatchula mawu a akazi awo, kenaka a okalamba a m'midzi, makanema pomalizira. Nambala ya pagalasi inkasewera pakati pa mamegabayiti 80 ndi 100 pa sekondi. Aphunzitsi, amene anaphunzitsa masamu zaka zambiri, anaona msanga kuti kumeneko si kuchulukitsa kakhumi kumene kanalembedwa pakabokosi, koma katatu kokha. Mtsikanayo anavomera. Khomo linali litakula, koma diski ya mbale zozungulira, makamaka yokalamba, ili ndi malire akeake, ndipo khadi silingaithamangitse kuposa pamenepo. Komabe katatu kameneko kanasandutsa maola atatu kukhala pafupifupi ola limodzi, ndipo ola limodzi magetsi anali nalo madzulo amenewo.

Sizonse zinawoloka. Chakumapeto diski inagogoda kwa nthawi yaitali, ndipo mafayilo 11 anakana kuwerengeka. Ambiri anali makanema amene anthu ena alinso nawo. Koma limodzi linali la nkhalamba ina ya ku Angónia, imene inawatchulira mayina a nyenyezi ndi nyengo zake usiku wina wa mwezi wowala, ndipo inamwalira chaka chotsatira. Anayesanso kawiri, osatheka. Aphunzitsi anatenga kope ndi cholembera, nayamba kulemba mayina amene ankawakumbukirabe. Anakwanitsa 6, pamene akudziwa kuti nkhalambayo inatchula oposa pamenepo.

Asanabwerere ku Lusaka, mdzukulu anachita zinthu ziwiri. Anakopera zonse pa diski ina yachiwiri kuti apite nayo, poti chosungidwa pamalo amodzi chimatha ndi mphenzi imodzi. Anawachenjezanso kuti asalumikize kompyutayo ku intaneti, chifukwa Microsoft inasiya kuteteza Windows 7 mu Januwale 2020. Analonjeza kuti pa Isitala adzabwera ndi SSD yolowa m'malo mwa diski yodwalayo, popeza zina zonse m'bokosimo zikadali zolimba.

Usiku womaliza anakhala awiri patebulo, natsegula fayilo yoyamba kuwoloka ija. Mawu a mayi wachikulire anadzaza chipinda, akulongosola za dothi la pachulu ndi mmene amalipondera, akuseka pakati chifukwa nkhuku inalowa m'nyumba akujambulidwa. Mtsikanayo anali ndi zaka 9 pamene agogo akewo anamwalira, ndipo anali ataiwala kasekedwe kawo. Anapempha kuti aibwereze.