Chitini chotupa tisapite nacho kumafamu

Anzanga a geni ndi madalaivala, ine ndimaperekera zipatso za m'zitini m'magolosale a kumafamu ku Mazowe ndi ku Bindura. Ogula ambiri kumeneko ndi abale athu, zidzukulu za Amalawi amene anapita kalekale kukagwira ntchito. Katundu akakhala woipa alibe kokamubweza, tauni ili kutali.

Lamulo la Zimbabwe, Food and Food Standards Act, limaletsa kugulitsa chakudya chowonongeka kapena cholembedwa zabodza, ndipo a zaumoyo akachipeza amalanda. Koma kukomboni safikako tsiku ndi tsiku. Ndiye alonda ndife.

Powoda ndimakana chitini chotupa, chadzimbiri, chophwanyika pamsoko, kapena chomatidwa pepala lina pamwamba pa deti. Angatsitse mtengo chotani, chisiyeni. Mapichesi amenewo akadye ndi mwana wa mnzathu.