Muvi wa Kutentha kwa Injini Ukamakwera ndi Kutsika



Minibasi ya sukulu yathu ndi yakale, tonse tikudziwa. Inagulidwa ndi swadaka za Asilamu, ndipo ndi yomwe imapita ndi ana athu ku mipikisano ya Qur'an, kuthamangira ndi odwala kuchipatala usiku, komanso kunyamula anthu opita ku janaza. Ndi amana imene ili m'manja mwathu. Teremu yathayi muvi wosonyeza kutentha kwa injini unasiya kukhazikika: pena pakati, pena kufupi ndi pofiira, pena n'kubwereranso. Ife aphunzitsi amene timaperekeza ana pa maulendo tinamva malangizo ambiri. Ena ankati injini yatha, tipeze ina. Ena ankati tingochotsa thermostat, poti kwathu kuno n'kotentha kale.

M'kalasi timaphunzitsa ndime 6 ya Sura ya Al-Hujurat, imene imatilangiza kufufuza nkhani tisanachitepo kanthu, kuopa kuvulaza anthu mosadziwa kenaka n'kumanong'oneza bondo. Muvi uja nawonso umabweretsa nkhani, ndipo nkhaniyo iyenera kufufuzidwa ndalama za anthu zisanatuluke m'thumba.

Tinapempha adalaivala athu kuti kwa masabata awiri azilemba m'kope nthawi imene muvi wasuntha ndi malo amene galimoto inali. Amakaniko amadziwa zambiri kuchokera pa zimenezi. Muvi ukamakwera galimoto itangoima koma n'kutsika ikamathamanga, kawirikawiri vuto ndi fani kapena lamba wake. Ukamakwera pa mtunda galimoto italemedwa, amakayikira rediyeta yotsekeka kapena pampu ya madzi yofooka. Ukamagwera pansi pa mtsetse, ndiye kuti thermostat yakanirira yotsegula. Ukamadumpha mwadzidzidzi pa mabampu kapena poyatsa magetsi, nthawi zambiri ndi waya womasuka, pakuti madzi sangatenthe ndi kuzizira m'kamphindi chotero. Kope lathu linasonyeza kuti muvi umakwera pa mitunda, makamaka pochoka ku Liwonde kulowera ku Machinga ana atadzaza, ndiponso kuti madzi ankachepa pang'onopang'ono.

Ku galaja tinagwirizana ndi amakaniko kuti ayambe ndi zosafuna ndalama zambiri. Anayang'ana madzi m'mawa injini ili yozizira, chifukwa madzi akachepa mpweya umalowa m'mapaipi, ndipo kachipangizo koyeza kutentha kamakhudza pena madzi, pena mpweya. Anaona ngati oyilo wasanduka woyererako ngati tiyi wamkaka, ngati mukutuluka thovu losalekeza m'rediyeta, ndi ngati kumbuyo kukutuluka utsi woyera. Izi ndi zizindikiro za gasiketi yopsa, yomwe ndi ntchito yodula. Alhamdulillah, panalibe chilichonse mwa izi. Thermostat anaiika mu poto wa madzi pamoto ife tikuona, ndipo inatseguka madzi asanawire, monga iyenera kuchitira. Zambiri zimatseguka cha pa madigiri 82.

Vuto linapezeka pawiri. Labala wa pa chivindikiro cha rediyeta anali atang'ambika. Chivindikirochi chimaoneka chopanda pake, koma ndi chomwe chimasunga mphamvu ya mpweya m'kati kuti madzi asawire pa madigiri 100, apirire mpaka cha pa 120. Chachiwiri, timapaipi ta m'rediyeta tinali titatsekeka ndi dzimbiri komanso mchere woyera, wonga umene umakhala m'ketulo yowiritsira madzi a pamjigo. Rediyeta inatsukidwa, chivindikiro chinagulidwa cha nambala yofanana ndi chakale, ndipo muvi wakhazikika pakati.

Tikadachotsa thermostat, rediyeta ikadakhalabe yotsekeka. Komanso injini yopanda thermostat imachedwa kutentha, imamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga. M'mainjini ambiri thermostat ndi yomwe imatsekanso njira yachidule ya madzi, kotero ikachotsedwa madzi ena amazungulira osafika ku rediyeta. Tikadagula injini ina, ndalama zogulira mabuku a ana zikadapita pa chinthu chomwe sichinawonongeke.

Kwa akuluakulu a komiti, tikupempha kuti m'ndondomeko ya ndalama muikemo kugula coolant, kuti tisamathire madzi a pamjigo okha, ndiponso kuti kope lija lizikhala m'galimoto nthawi zonse. Kwa makolo amene muli ndi magalimoto akale: muvi ukafika pofiira imani pambali, zimitsani injini, ndipo musatsegule chivindikiro mpaka itazizira, chifukwa madzi ake amathovoka n'kuwotcha nkhope ndi manja. Kwa inu ophunzira, mwaona nokha kuti kuwira kwa madzi komwe mumaphunzira mu Physics, ndi kufufuza nkhani komwe mumaphunzira m'kalasi ya Chisilamu, zagwira ntchito limodzi pa galimoto yomwe mumakwera. Mukamva kuti mnzanu waba kapena wanena zakuti, yambani mwafunsa kuti zachitika liti, kuti, ndipo waona ndani.

Allah atisunge ife ndi ana athu pa maulendo onse a teremu ino, ndipo awalipire zabwino onse amene anasonkha. Ameen.