Sutikesi ndinali nditagula kale

Tsiku limene amalume anandifunsa dzina la mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene ndinkapita kukagwirako ntchito, sutikesi ndinali nditagula kale. Inali yaikulu, yamatayala, yogula mumsika wa Limbe. Kalata yosiya ntchito inali ili patebulo la ahedi, ndipo kutchalitchi anali atandiimika kutsogolo n'kundipempherera. Ndikulemba umboniwu pothokoza Mulungu, komanso chifukwa ndikudziwa kuti pali aphunzitsi anzanga amene uthenga wonga umene ndinalandirawo uli m'mafoni mwawo pakalipano.

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pasukulu ina ya sekondale yomwe si yaboma mumzinda wa Blantyre. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro anga ankangodutsa m'manja. Lendi, ufa, makala, fizi ya mwana, basi zatha, mwezi usanafike n'pakati pomwe. Ndiye chakumapeto kwa 2024, nditaona pa Facebook kuti ku Thailand akufuna aphunzitsi a Chingerezi, malipiro madola 1,500 pamwezi, nyumba yaulere, tikiti ya ndege alipira okha, mtima unadumpha. Ndinatumiza mapepala anga usiku womwewo. Kutacha, yankho linali litafika.

Mafunso a ntchito anandifunsira pa Telegram, mawu okhaokha, akuti kamera yawo inali itawonongeka. Sanathe mphindi 15. Anafunsa zaka zanga, ngati ndili ndi pasipoti, ngati ndimadwaladwala, kenako ananditumizira kamayeso koona liwiro langa potayipa pa kompyuta. Za ana, za mabuku, za mmene ndimaphunzitsira galamala, sanafunse n'kamodzi komwe. Zinandidabwitsa ndithu, koma ndinadziuza kuti mwina kunja amachita choncho. Mawa lake kunabwera kalata yokongola, yokhala ndi chizindikiro cha sukulu ina ya ku Bangkok, sitampa ndi siginecha. Pansi pake panali mawu akuti nditumize madola 300 oyendetsera mapepala. Mayi a kunyumba anakatenga ngongole kubanki m'khonde, ine ndinakongola zotsalazo kwa mnzanga, ndalama zinapita.

Ku Zomba tinapita kukatsanzika basi. Amalume anga, amene anapuma ntchito ali hedi wa sekondale, anawerenga kalata ija kawiri, anavula magalasi, n'kuyamba kufunsa mofatsa. Mphunzitsi wamkulu kumeneko ndani? Ukaphunzitsa ana a zaka zingati? M'kalasi muli angati? Pali mphunzitsi amene ali pasukulupo yemwe walankhula naye? Chilolezo chogwirira ntchito akupatsa ndani? Palibe funso limene ndinayankha.

"Mphwanga," anatero, "ine ndalemba aphunzitsi ntchito kwa zaka zambiri. Sindinalembepo munthu ndisanamuone ataima pabolodi, choko chili m'manja. Awa akutengera munthu kutsidya kwa nyanja, akumulipirira ndege, osafuna n'kumuona nkhope komwe? Chikomekome cha mkuyu ichi."

Ndinakwiya kwambiri. Mumtima ndinkati nkhalamba zimaopa chilichonse cha pa intaneti. Tili m'minibasi pobwerera, chapa Namadzi, mayi a kunyumba anandigwira mkono n'kunena motsitsa mawu: "Bambo a mwana, ngati ntchitoyo ili yeniyeni, mafunso sangaiphe. Tafunsani."

Ndinayamba ndi viza, poti ndi pamene ndinkaganiza kuti ndikawatsutse amalume mosavuta. Zimene ndinapeza n'zakuti mlendo wokaphunzitsa ku Thailand amayenera kukhala ndi viza yotchedwa Non-Immigrant B, imene amapempha ndi mapepala ochokera kusukulu imene yamulemba ntchito. Amafunikanso chilolezo chogwirira ntchito, komanso chilolezo chophunzitsira chochokera ku bungwe la aphunzitsi la dzikolo, limene eni ake amalitcha Khurusapha. Amafuna digiri, ndipo munthu wochokera kudziko longa lathu, limene saliwerengera m'gulu la eni Chingerezi monga Britain, America kapena Australia, amafunika kuonetsa zotsatira za mayeso a Chingerezi onga TOEIC. Ine palibe anandifunsa zimenezi. Malangizo anga anali akuti ndikafika pabwalo la ndege la Suvarnabhumi ndikanene kuti ndabwera kudzaona malo, mapepala a ntchito akakonza ndili komweko. Ndiye kuti ntchito yangayo inkayamba ndi bodza pamaso pa akuluakulu oona za anthu olowa m'dziko, ndipo wonena bodzalo akanakhala ine, osati iwo. Chikanavuta, ndikanadandaula kwa yani, munthu amene ndinalowa ngati wokaona malo?

Kenako ndinafufuza sukuluyo pandekha, osadina chilichonse chimene ananditumizira. Sukulu inalipo ndithu, yaikulu, ana ovala yunifolomu, bwalo la mpira. Koma adiresi yake ya pa intaneti inkathera ndi .ac.th, monga zimakhalira ndi masukulu ambiri a kumeneko, pamene makalata anga onse ankachokera ku Gmail. Nambala ya foni ya patsamba la sukulu inalinso yosiyana ndi ya pakalata yanga.

Thailand ili patsogolo pathu ndi maola asanu. Ndinatchera alamu, ndinagula mayunitsi ambiri kuposa amene ndinagulapo chibadwire, ndipo 4 koloko m'bandakucha, kumeneko ili 9 koloko m'mawa, ndinaimba. Ndinali panja, nditatsamira khoma, kuopa kudzutsa mwana. Mayi amene anayankha sankamva bwino Chingerezi, anandiuza kuti ndidikire. Mayunitsi akutha, ine thukuta kamukamu m'mawa wozizira. Kenako panabwera mphunzitsi wina wa ku Philippines. Ndinamuwerengera dzina la munthu amene anasayina kalata yanga. Anati pasukulupo palibe munthu wa dzina limenelo. Anati chaka cha sukulu kwawoko chimayamba mu May, teremu yachiwiri cha mu November, ndipo panalibe malo a mphunzitsi woyamba mu January. Anati sukulu yawo silipiritsa munthu wofuna ntchito. Pomaliza anandifunsa kumene anandiuza kuti ndikafikire. Nditatchula, anakhala kaye chete, kenako anandichonderera kuti ndisakwere galimoto yopita kumeneko.

Pepala la ulendo wanga linkati dalaivala akandichingamira pabwalo la ndege n'kupita nane ku Mae Sot, kukachita maphunziro a masabata awiri ndisanayambe ntchito. Dzinali ndinali nditaliwerenga kangapo osaliganizira. M'mawa umenewo ndinalifufuza pamapu. Mae Sot ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Bangkok, m'malire ndi dziko la Myanmar. Pakati pali mtsinje wa Moei, ndipo kutsidya kwake kuli tawuni ya Myawaddy. M'dera limenelo ndi mmene munali malo otchingidwa ndi mipanda onga KK Park ndi Shwe Kokko, kumene anthu obwera nawo mowanamiza ntchito ankawalanda mapasipoti, n'kuwakhazika pa kompyuta usana ndi usiku kuti azibera anthu pa intaneti. Wolephera kubweretsa ndalama zimene amuikira ankamenyedwa kapena kugulitsidwa kumpanda wina. Ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inanena mu August 2023 kuti anthu osachepera 120,000 ku Myanmar ndi ena pafupifupi 100,000 ku Cambodia akhoza kukhala ali m'ukapolo woterewu.

Apa ndi pamene kamayeso kotayipa kaja kanandibwerera. Pa chinthu chimodzi anthu aja sananame. Chingerezi changa ankachifunadi. Ankafuna munthu wodziwa kulemba chiganizo chosalala, wodziwa kusankha mawu okoma, woti akhoza kucheza kwa miyezi ndi mayi wamasiye wa ku America kapena bambo wosungulumwa wa ku Ulaya, kumunyengerera za chikondi mpaka atakhuthula ndalama zake zonse za penshoni. Luso limene makolo anga analimira fodya kuti ndilipeze, limene ndimanyadira ndikaona mwana wa Fomu 4 atalemba chimangirizo chomveka, ndilo linali katundu amene ankagula. Izi zinandipweteka kuposa madola 300 aja, ndipo zimandipwetekabe.

Tonse tinali titamva za amayi a kuno amene anakazunzika ku Oman atapita kukagwira ntchito zam'nyumba. BBC inaulutsa nkhani yawo mu March 2024, amayi oposa 50 amene anathandizidwa kubwerera kwathu. Ndinawamvera chisoni, koma pansi pamtima ndinkati zimenezi zimagwera osaphunzira. Ndikuulula tchimo limeneli poyera. Digiri yanga sinanditeteze, inangosintha nyambo.

Chimene anthu sakhulupirira ndikamawauza n'chakuti ngakhale nditadziwa zonsezi, mtima wina unkafunabe kupita. Kwa masiku anayi sindinawauze mayi a kunyumba za foni ija. Ndinkati mwina mphunzitsi uja sadziwa zonse, mwina ku Mae Sot kulidi maphunziro, paja ndi tawuni ya anthu wamba, masukulu aliko. Koma chenicheni chinali manyazi. Ndikawauza chiyani amayi a kubanki m'khonde? Ndikalowa bwanji mu sitafu rumu mmene anzanga anali atayamba kale kundiitanitsa mafoni? Ndikayang'ana bwanji mpingo umene unakweza manja pa ine? Ndinazindikira kuti anthu amene amatchera misampha imeneyi amadziwa bwino kuti munthu akalengeza ulendo, akakongola ndalama, mudzi wonse ukamutsanzika, safunikanso kumukankha. Amayenda yekha.

Tsiku lachisanu ndinawalembera anthu aja, n'kupempha zinthu zitatu: kulankhula ndi mphunzitsi wamkulu pa vidiyo ali muofesi yake, nambala ya mphunzitsi mmodzi amene akugwira ntchito pasukulupo, ndi mapepala opemphera viza ya Non-Immigrant B. Poyamba anayankha mokoma, akuti ndisade nkhawa, onse amachita choncho. Nditaumirira, anati malo anga apatsa wina pakatha maola 24. Nditati apatseni, mawu anasintha. Akuti tikiti agula kale, ndibweze madola 800, apo ayi ali ndi chithunzi cha pasipoti yanga ndipo akudziwa kumene ndimakhala. Palibe n'chimodzi chomwe mwa zinthu zitatu zija chimene anatumiza. Usiku umenewo ndinawauza mayi a kunyumba zonse. Sanandikalipire. Analira, kenako anagwada, ndipo tinapemphera mpaka mwana anadzuka.

Ndinasunga mauthenga onse, n'kukapereka lipoti kupolisi, poti dziko lathu lili ndi lamulo la 2015 lothana ndi mchitidwe wozembetsa anthu, komanso ndinkafuna kuti zidziwike kuti chithunzi cha pasipoti yanga chili m'manja mwa achinyengo. Ndalama sizinabwerere. Zoopseza zija zinangotha zokha nditawatsekera.

Mu January 2025, mwezi umene ndikanakwera ndege, dziko lonse linamva za Wang Xing, mnyamata wochita mafilimu wa ku China amene anamuitanira ntchito ku Thailand, n'kumutengera ku Mae Sot, n'kumuwolotsa mtsinje. Anapulumutsidwa patapita masiku ochepa, atamumeta mpala. Pa 5 February boma la Thailand linadula magetsi opita kumadera ena a m'malirewo, ndipo patangotha sabata anthu oposa 250 ochokera m'mayiko pafupifupi 20 anawolotsedwa kubwerera ku Thailand. Ambiri mwa iwo anali a ku Ethiopia. Tinaonera pafoni ndi mayi a kunyumba, anyamata akuda ngati ine, owonda, ena akuonetsa zipsera. Palibe analankhula. Mayi a kunyumba anangoika dzanja pamsana panga.

Kubwerera kuntchito kunali kowawa, koma kunatheka. Ndinapita kwa ahedi, n'kuwafotokozera popanda kubisa kanthu. Makalasi anga a Fomu 4 anali atapatsidwa kale wina, koma ananditenganso kuti ndiziphunzitsa Fomu 1 ndi 2. Kutchalitchi ndinapempha ndekha kuti ndiimenso pamalo pomwe paja, ndipo ndinanena zonse. Ena ankandiyang'ana mwachifundo, ena ndikudziwa kuti anakaseka kunyumba. Mapemphero atatha, anthu atatu ananditsatira padera, aliyense ali ndi uthenga wake m'foni: wina wa mwana wake, wina wa mlamu wake, wina wake womwe. Ngongole ndinaibweza m'miyezi 7, pophunzitsa madzulo ana obwereza mayeso a MSCE. Amalume ndinakawapepesa nditanyamula nkhuku. Anangoti, "Mphwanga, wabwera, ndi zokwanira," n'kuuza azakhali kuti ateleke madzi.

Patapita miyezi, mphunzitsi wina wachitsikana wa pasukulu pathu anabwera kwa ine ndi kalata, nayonso ya ku Thailand. Mtima wanga unagunda, koma sindinamuletse. Tinachita zomwe zija. Tinapeza tokha nambala ya sukuluyo, tinaimba m'bandakucha, ndipo munthu amene anasayina kalata anabwera yekha pafoni. Mawa lake anamuimbira pa vidiyo, anayenda nayo foni mpaka m'kalasi, ana akubayibitsa. Anamuuza kuti aphunzitse kwa mphindi 10 iwo akuonera. Anamupatsa nambala za aphunzitsi awiri achilendo, ndipo mmodzi anamuuza mosabisa kuti kumatentha kwambiri, makalasi ndi aakulu, ndipo anthu akuda nthawi zina amayang'anidwa modabwa mumsewu. Malipiro sankafika n'theka lomwe la amene ine anandilonjeza, tikiti anayenera kugula yekha, ndipo mapepala a viza anatenga miyezi. Kontirakiti tinaiwerenga mzere ndi mzere pamodzi ndi bambo ake, ndipo tinaonetsetsa kuti palibe paliponse pamene pakunena kuti pasipoti akasunga ndi abwana.

Ananyamuka teremu ya November itatsala pang'ono kuyamba. Sutikesi anatenga yanga ija. Atafika anatumiza chithunzi ataima pabolodi, choko chili m'manja, ndipo ine ndinachitumiza ku Zomba kwa amalume.